gcc ikugwa pa mafayilo osiyanasiyana: ndi makina kapena khodi?

wa_Rosettenville:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikamapanga build (kusandutsa khodi kukhala pulogalamu) pa Ubuntu ndi make -j16 (ntchito 16 nthawi imodzi), kompaila ya gcc imaima n'kulemba "internal compiler error: Segmentation fault". Ndikabwereza osasintha kalikonse, imadutsa pomwe inagwa paja n'kukagwera pa fayilo ina. Makina ndi Ryzen 7, RAM 32 GB ya DDR4, XMP (yokwezera liwiro la RAM) ndi yoyatsa. Ndiyambire pati?

mjomba_Midrand:
Achimwene, yankho lili m'funso lanu lomwelo. Kompaila ikakhala ndi vuto lake, imagwa pa fayilo yomweyo nthawi zonse. Ikamasinthasintha malo chonchi, kayikirani makina, makamaka RAM.

Koma muziwerenga uthengawo bwinobwino nthawi iliyonse. Ukati "Killed signal terminated program cc1plus", apo RAM yangodzaza, tsitsani ku -j4 basi. Wanuwu wa Segmentation fault ndi signal 11, ndiye lowani mu BIOS, muzimitse XMP kuti RAM ibwerere pa liwiro lake lokhazikika, mubwereze build kakhumi. Kenako ikani Memtest86+, pulogalamu yoyesera RAM, pa fulashi igwire usiku wonse, ma pass osachepera 4. Mzere wofiira ngakhale umodzi, vuto lilipo. Mukauona, yesani RAM imodziimodzi, musinthenso slot, chifukwa nthawi zina yowonongeka ndi slot ya pa motherboard.

mayi_wa_ma_seva:
Ndiwonjezepo pang'ono. Memtest ikadutsa musafulumire kukondwa, siyitenthetsa CPU ngati mmene build imachitira. Yatsani mprime, pulogalamu yolemetsa CPU, pa torture test kwa maola awiri, uku mukuyang'ana kutentha kwa CPU ndi "sensors". Ikamayandikira madigiri 90, tsegulani kesi, mupeza fumbi la mphepo ya Ogasiti litamatirira pa heatsink ngati bulangete. Lipemereni panja, musinthe thermal paste. Joni ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,750, mpweya wake ndi wopepuka, suziziritsa ngati wa ku Durban.

Onaninso dmesg (mauthenga a Linux okhudza makina) ngati muli mawu oti "Hardware Error". Ndipo PSU (bokosi logawa magetsi m'kompyuta) musaiiwale: magetsi obwerera mwamphamvu ikatha load shedding, kuphatikiza ziphaliwali za dzinja, amaifooketsa pang'onopang'ono, n'kumalephera pokhapokha ma core onse akalemedwa. Bwerekani ina muyesere.

mjomba_Midrand:
Zoona mayi. Achimwene, Ryzen 7 yake iti? Ngati ndi 1700 kapena 1800X yoyambirira ya 2017, ena mwa ma CPU amenewo ankagwetsa gcc chimodzimodzi pa Linux, AMD inavomereza n'kumawasintha. Tumizani zomwe lscpu ikuonetsa.