Ndisiye za akaunti n'kukaphunzira PMHNP? Ndithandizeni nzeru

A Banda, South Bend:
Moni nonse abale anga. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo. Kumudzi ndinachita za akaunti ku Poly, ndipo ndinagwira ntchito mu ofesi zaka 9. Kuno ku America ndakhala CNA (wothandizira anamwino) kunyumba yosamalira okalamba kwa zaka zinayi. Agogo amene mutu wawo unasokonezeka, omwe anzanga amawathawa, ine ndimamvana nawo, ndipo mtima wanga wapita ku ntchito ya matenda a maganizo. Ndikufuna kudzakhala PMHNP, namwino wa maphunziro apamwamba amene amaona odwala matenda a maganizo ndi kuwalembera mankhwala. Ndili ndi zaka 41, ana atatu, komanso mayi ku Ntcheu amadalira ine. Ndisanadzimangirire ngongole, ndiuzeni zoona: ndikadzamaliza, ntchito ndidzaipeza?

NaPhiri, RN, Indianapolis:
Achimwene, tiyambe ndi njira, chifukwa ambiri amaiona ngati yaifupi. PMHNP ndi namwino kaye. Muyenera kukhala RN, namwino wa chiphaso cha boma, kutanthauza sukulu ya unamwino ndi mayeso opezera chiphasocho otchedwa NCLEX. Kenako masters kapena DNP (digiri ya unamwino yoposa masters), kenakonso mayeso ena, ambiri amalemba a bungwe la anamwino la ANCC. Digiri yanu ya ku Poly itumizeni ku WES, bungwe loyesa mapepala a sukulu zakunja, akaiyese. Ikavomerezeka mutha kulowa accelerated BSN, digiri ya unamwino yachangu, yomwe imatenga chaka ndi miyezi ingapo. Koma asanakutengeni amafuna anatomy and physiology, microbiology, ena ndi chemistry yomwe. Zimenezi kachiteni ku koleji ya Ivy Tech ya kuno ku Indiana, fizi yake ndi yopepuka. Mukawerengera zonse, musayembekezere kumaliza zaka zisanu zisanakwane.

A Mbewe, PMHNP, Seattle:
A Banda, funso lanu ndiyankhe mosazungulira. Ntchito ilipo, odwala ndi ambiri kuposa owaona. Koma ntchito imene anthu amaionetsa pa TikTok, yokhala panyumba ndi laputopu n'kumaona odwala pavidiyo, ambiri olemba ntchito amaipereka kwa amene agwirapo kale. Omaliza kumene achuluka m'matauni akuluakulu, ndipo amalimbirana malo omwewo. Kumene ofuna ntchito ndi ochepa ndi kumidzi, m'ndende, m'zipatala za anthu ovutika ndi mankhwala ozunguza bongo, ndi m'makiliniki a anthu osauka. Ngati mukuvomera kuyambira kumeneko, simudzakhala panyumba. Ine ndinayambira kiliniki yaing'ono kutali ndi tauni.

Palinso mapulogalamu a sukulu otchedwa direct entry, a anthu a digiri ina ngati inu, oti mumalowa kamodzi n'kupitirira mpaka masters. Ndikudziwa ena anadutsa momwemo ndipo akugwira bwino. Pa zaka 41, nthawi ndi ndalama.

Mayi NaChisale, RN, Maryland:
Apa a Mbewe ndikutsutsani pang'ono. Ndagwira pa wodi ya odwala maganizo zaka zambiri, kuyambira ku Zomba Mental ndisanabwere kuno. Ndinagwirapo ndi NP (namwino wolemba mankhwala ngati PMHNP) wina wachinyamata amene sanakhalepo pa wodi ngakhale mwezi umodzi. Wodwala amene ankamwa mankhwala a lithium anayamba kunjenjemera, kutsegula m'mimba ndi kuyenda dzandidzandi. NP uja ankaganiza kuti ndi nkhawa chabe. Ndife anamwino tinakakamira kuti magazi ayezedwe, ndipo anapezeka kuti mankhwala achuluka m'thupi. Mwana uja sanali wopusa ayi, mabuku ankawadziwa. Chimene analibe ndi maso amene munthu amawapeza akakhala ndi odwala usiku wonse.

PMHNP ndiye amapeza matenda ndi kulemba mankhwala. Ukalemba clozapine uyenera kudziwa chifukwa chake magazi amayezedwa pafupipafupi. Munthu akakuuza kuti akufuna kudzipha, ndiwe uyenera kugamula ngati apite kunyumba kapena agonekedwe. Kuthamanga sikufika, a Banda. Khalani RN pa wodi ya psych chaka chimodzi kapena ziwiri. Malipiro akhala akulowa, ana akudya, ndipo zipatala zambiri zimathandiza antchito awo kulipira fizi. Mukadzapita ku intavyu, zaka zimenezo n'zomwe zidzakusiyanitseni ndi anzanu.

A Mbewe, PMHNP, Seattle:
Mayi akunena zoona, ndipo inenso ndinayamba ndakhala RN zaka zitatu. Ndavomera. Ndiwonjezere chimene chinandivutitsa ine kwambiri: preceptor, munthu wokuyang'anira pamene ukuphunzira kuona odwala. Kuti mulembe mayeso a ANCC pamafunika maola osachepera 500 oona odwala moyang'aniridwa, ndipo sukulu zambiri tsopano zikufuna oposa pamenepo. Sukulu yanga inali ya pa intaneti, ndipo inati wokuyang'anira udzipezere wekha. Ndinaimba mafoni miyezi, teremu yathunthu inandipita. Ena amafika polipira munthu kuti awayang'anire. Musanasaine kalikonse, afunseni kuti, kodi malo a clinical mumapeza ndinu? Yankho likhale lolembedwa.

NaPhiri, RN, Indianapolis:
Komanso malamulo a state yathu muwadziwe. Ku Washington kwa a Mbewe, NP amagwira payekha. Kuno ku Indiana, kuti mulembe mankhwala pamafunika pangano ndi dokotala. Mukalembedwa pachipatala amakupezerani okha, koma mukafuna kiliniki yanuyanu, dokotalayo mumamusaka nokha ndipo nthawi zambiri amafuna kulipidwa.

A Banda, South Bend:
Zikomo kwambiri, maso anga akutseguka. Nanga za ngongole? Ndili ndi green card, sindine nzika. Ndinamva kuti boma limabweza ngongole za anthu ogwira kumidzi. Chinanso, tsiku lina ndidzabwerera kwathu. Pepala limeneli lidzagwira ntchito kumeneko?

A Mbewe, PMHNP, Seattle:
Ndi green card mutha kulemba FAFSA, fomu yopemphera thandizo la fizi ku boma. Pulogalamu ya National Health Service Corps imathandiza kubweza ngongole ukagwira kumalo osowa ogwira ntchito zachipatala, koma imafuna nzika. Ya Nurse Corps imalola a green card. Dziwaninso kuti lamulo la 2025 linati ngongole ya boma ya ophunzira a masters, ya Grad PLUS, itsekedwe kwa ophunzira atsopano kuyambira July 2026, ndiye fizi ya masters muiwerengere ndi mutu wanu wa akauntiwo.

Mayi NaChisale, RN, Maryland:
Zakumudzi, mudzafunika kulembetsa ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Ntchito yambiri ya matenda a maganizo kwathu imagwiridwa ndi anamwino a psychiatry ndi ma clinical officer, m'zipatala za m'maboma, ku Zomba, ndi ku Saint John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Luso lanu lidzafunika ndithu, koma ngongole ya madola simungaibweze ndi malipiro a makwacha. Mudzapite mutaimaliza.

Pakadali pano chitani ichi. Zipatala za psych zimalemba ma mental health tech, othandizira anamwino pa wodi, ndipo CNA ngati inu amamulandira. Ntchito ya okalamba ndi ina, ya wodi ya acute, ya odwala amene matenda awakulira, ndi ina. Mukaone munthu wazaka 20 akukuwa kuti akumva mawu, achibale ake akulira panja, ndiye mudzadziwe ngati mtima ukadali pomwepo musanawononge dola imodzi.

A Banda, South Bend:
Ndamva, mayi. Usiku uno ndikambirana ndi akunyumba. Mawa ndiyitanitsa mapepala anga a ku Poly apite ku WES, ndipo ndilembetsa anatomy teremu ikubwerayi. Achemwali NaPhiri, pa CV ya tech ndilembepo zaka za akaunti zija kapena ndizisiye?

NaPhiri, RN, Indianapolis:
Zilembeni, koma pansi. Pamwamba muyike zaka zinayi za CNA ndi mmene mumakhazikitsira mtima pansi okalamba osokonezeka aja. Nditumizireni ku inbox, ndiiona ndikaweruka shifiti ya usiku.