Alendo akufuna kadzidzi wa Pel's, masiku awiri sanaoneke, ndithandizeni

Wapaboti Liwonde:
Akuluakulu ndathedwa nzeru. Ndili ndi alendo anayi okonda mbalame, pa ndandanda yawo chatsala ndi kadzidzi wa nsomba uja, Pel's, basi. Dzana ndi dzulo tazungulira pa Shire m'mawa ndi madzulo, ndasuzumira msikidzi uliwonse mpaka khosi kuwawa, palibe. Mtengo womwe ankagonamo chaka chatha njovu zinathyola nthambi, mthunzi unatha. Chondipweteka, anthuwa angochokera ku Costa Rica, ndiye nkhani ndi ya sloth yokhayokha, nyama yoyenda pang'onopang'ono yokhala m'mitengo ya kumeneko. Akuti ku paki ya kumeneko ya Manuel Antonio gaidi amangoimika scope, galasi loonera patali lokhala pa miyendo itatu, sloth uyo m'mwambamo, n'kukujambuliranso ndi foni pagalasi pomwepo. Ine ndili ndi mabino okha, magalasi a m'manja oonera patali, ndipo galasi la mbali imodzi linachita nkhungu. Anyamuka Lachisanu. Nditani?

Mdala wa ku Majete:
Mphwanga, uwafotokozere bwinobwino kuti zinthuzi n'zosiyana. Sloth siyenda mtunda, imakakamira dera lomwelo masiku ambiri, pansi imatsika mwina kamodzi pa sabata kukadzithandiza. Gaidi amene waiona dzulo amadziwa poyambira lero. Pel's ali ndi mapiko, ukamusokoneza kamodzi wasamuka. Koma leka kuyang'ana m'mwamba mokha. Yang'ana pansi pa mtengo: zitosi zoyera, mamba a nsomba, minga. Ukapeza zimenezo ndiye utukule mutu pang'onopang'ono.

Chiwongolero:
Achimwene musavutike. Sipika yaing'ono, kulira kwake kuli pa foni, muike mbandakucha. Ayankha yekha.

Mayi Gaidi:
Ayi achimwene, zimenezo ndiye ayi. Kadzidziyu akamva mnzake akulira m'dera lake amasiya zonse, ngakhale chisa, kupita kukalimbana ndi mdani woti kulibe. Madzi akaphwera chonchi ndi nthawi yomwe amalera ana. Mukamuitana lero, mawa wina amuitananso, mwezi wamawa tonse tidzakhala tikumusaka osamupeza.

Chiwongolero:
Kamodzi kokha sikupha mbalame, achemwali. Mphindi imodzi basi.

Mdala wa ku Majete:
Ine kamodzi komweko ndinakaona. Kale ndikugwira pa loji ina, mnzanga anaitana kadzidzi wamtundu wina usiku ndi sipika, tochi yoyera n'kumuwalitsa nayo m'maso. Mbalame inabwera, alendo anawomba m'manja, tipu inatuluka. Titadutsanso sabata yotsatira mtengo uli zii, ndipo nyengo yonse sitinamuonenso. Mpaka lero zimandiwawa. Ndipo inu a ma night drive, oyendetsa alendo kukaona nyama usiku, fyuluta yofiira pa tochi musamaiwale, makamaka pa changa ndi nswala, zimachita chidima n'kuthamangira kuminga.

Wapaboti Liwonde:
Sipika sindigwiritsa ntchito, ndamva. Koma zoyang'ana pansi pa boti n'zovuta, gombe lake ndi bango lokhalokha. Ndiwatsitse tiyende wapansi?

Mayi Gaidi:
Popanda renja wa mfuti musayerekeze. Mithunzi yomwe Pel's amakonda ndi yomweyonso njovu zimapumamo masana, ndipo njira za mvuu zimadutsa momwemo. Anthu a mbalame akayang'ana m'mwamba amaiwala kuti ali ndi miyendo. Ine mlendo wina anabwerera chafutambuyo kufuna chithunzi chabwino, chidendene chinafika pamatope a m'mphepete, mamita ochepa kuchokera pomwe ng'ona inkawothera dzuwa. Ndinamugwira lamba wa kamera n'kumukoka osalankhula kanthu. Manja anandinjenjemera mpaka pa loji. Konzani ulendo wapansi mwadongosolo, m'mawa kwambiri, anthu anayi pamzere umodzi.

Wa ku Nyika:
Kuno vuto lathu ndi nyalugwe. Aliyense amabwera atawerenga kuti Nyika ili ndi anyalugwe ambiri, ndiye amaganiza kuti amupeza atakhala pamsewu wa ku Chelinda, komwe kuli malo ogona alendo. Ine ndinasiya kulonjeza. Ndimangowaphunzitsa kumvetsera: mbawala ikauwa, anyani akayamba kukalipa, timazimitsa injini n'kudikira. Nthawi zina amatuluka, nthawi zambiri ayi.

Chiwongolero:
Nonse mukulankhula bwino koma ndemanga yoipa ikalembedwa pa TripAdvisor, tsamba la pa intaneti lomwe alendo amalembapo za maulendo awo, dzina lotchulidwa ndi la mnzathuyu, osati la kadzidzi. Ndikubwereza, sipika mphindi imodzi.

Mdala wa ku Majete:
Alendo enieni a mbalame akakuona ukutulutsa sipika ndi omwe amakalemba zoipazo. Ndiponso ku Costa Rica komwe akukutamako, dzikolo linachita kampeni yoletsa anthu kunyamula nyama n'kumajambulitsa nazo, sloth yomweyo inkavutika nazo kwambiri. Uwafunse, akuuza okha. Mphwanga, chita izi: ulankhule ndi alonda a usiku a pa loji ndi anyamata oyendetsa maboti ena. Iwo ndi amene amamva kulira kuja kwa pansipansi usiku, kokhala ngati ng'oma yakutali. Akuuze mbali yomwe kukuchokera. Mawa uzimitse injini patali, boti liyandame lokha, dzuwa likhale kumsana kwako. Usasake mbalame yonse, saka kachigamba kofiirira ngati njerwa pakati pa masamba obiriwira, pafupi ndi thunthu pomwe pali mdima. Kawirikawiri amakhala awiri, ukaona mmodzi usasunthe.

Mayi Gaidi:
Ndipo muwauze asaloze ndi chala kapena kuimirira m'boti. Za mabino zija, musamawasiye m'chikwama chonyowa usiku, nkhungu imayambira pamenepo.

Wa ku Nyika:
Pa nkhani ya scope, alipo amene akudziwa komwe ndingapeze yogwiritsidwapo kale ntchito ku Lilongwe kapena ku Mzuzu? Yatsopano sindingakwanitse. Ndi miyendo yake yomwe, chifukwa mphepo ya kuno yopanda miyendo yolimba palibe chimene ungaone.

Chiwongolero:
Scope ndi ndalama zambiri. Sipika ndi yotchipa.

Mayi Gaidi:
Achimwene, nkhani ya sipika tatseka. A ku Nyika, funsani alendo a mbalame akamanyamuka, ena amavomera kugulitsa yakale m'malo moinyamulanso pa ndege.