Za magalasi oonera mbalame aja: ndinatenga a 8x42

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa za magalasi oonera patali opirira fumbi ndi mvula. Ndinamvera amene munati ndisiye a 10x42 (okulitsa chithunzi ka 10), nditenge a 8x42 (okulitsa chithunzi ka 8; 42 ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita) okutidwa ndi labala, omatidwa bwino, okhala ndi mpweya wa nitrogen mkati woletsa nthunzi. Munanenadi zoona. Chithunzi sichigwedera kwambiri ndikawagwira m'manja, ndipo mbalame ikauluka ndimaipeza msanga chifukwa amaonetsa malo otakasuka.

Avumbwidwa kangapo konse, koma mkati simunachite nthunzi. Cholakwa chinali changa: ndinapukuta fumbi ndi malaya, galasi limodzi linakalika pang'ono, mpaka pano zimandiwawa. Muziyamba mwauzira fumbilo, kenako pukutani ndi kansalu kofewa. Akanyowa musawatsekere m'chikwama, ayambe auma kaye, apo ayi galasi limachita chuku.