Ndithandizeni: NGC 300 ikungotuluka ngati banga

Akuluakulu, ndili ku Thyolo, pafupi ndi minda ya tiyi. Kwa miyezi iwiri tsopano ndakhala ndikuvutikira kujambula mlalang'amba wa NGC 300, uja wa m'gulu la nyenyezi la Sculptor. Mnzake NGC 253 ndinautola mosavuta chifukwa ngowala, koma uwu ukungooneka ngati banga la utsi.

Ndili ndi kamera ya Canon, lenzi ya 200mm ndi kamakina kotsatira nyenyezi. Vuto lalikulu n'kulunjikitsa kamakinako kumwera. Nyenyezi ya Sigma Octantis, imene timalunjikitsira kamakinako, ndi yozilala kwambiri, ndipo kuno imakhala pansi, madigiri pafupifupi 16 okha, ndendende pamene pali mitengo ya bulugamu. Ndikadutsa masekondi 60 pojambula chithunzi chimodzi, nyenyezi zimatalika ngati mpunga.

Kenako mame. Ikamakwana 11 koloko lenzi yachita kale chifunga. Ndinayesa kuikulunga sokosi, sizinathandize, ndipo akunyumba anandiseka mpaka misozi.

Inu mumalunjikitsa bwanji popanda kuiona nyenyeziyo? Nanga zithunzi zingati zoti ndisonkhanitse mu Siril, pulogalamu ya pakompyuta yophatikizira zithunzi, kuti mikono ya mlalang'ambawu iyambe kuoneka? Kapena ndidikire utsi wa moto wa tchire uthe kaye?