Kodi zithunzi za pa zikwangwani zinatiphunzitsa kuti wodwala amaoneka bwanji?

Nachisale wa ku Mtunthama:

Ndikupereka moni kwa nonse. Ndine wophunzira wa pasukulu ya ukachenjede, kwathu ndi ku Mtunthama m'boma la Kasungu, ndipo ndikuchita kafukufuku wa mmene zithunzi, zikwangwani ndi mafilimu amaonetsera matenda ndi umoyo wabwino. Pa tchuthi chapitachi ndinayenda m'zipatala zing'onozing'ono zingapo, n'kumapempha chilolezo chojambula ndi foni mapepala omatidwa m'makoma, ndipo nditawayala pamodzi ndinaona kuti akufotokoza nkhani ziwiri zotsutsana. Pa mapepala akale a Edzi, amene ena anatsalira kuseri kwa zitseko atasuluka ndi dzuwa, wodwala ndi munthu wowonda, nthiti zili pamtunda, wagona pamphasa ndipo achibale amuzungulira atagwira m'masaya. Pa mapepala atsopano, munthu amene ali ndi kachilombo ndi wojintcha, wavala bwino, ndipo akumwetulira botolo la mankhwala lili m'manja. Ndikupempha akuluakulu amene munaona nthawi zonse ziwiri kuti mundithandize: kodi zithunzi zoopsa zija zinapulumutsa anthu, kapena zinangowonjezera tsankho? Komanso kafukufuku wotere ndimuyendetse bwanji kuti asangothera pa kuwerenga kuchuluka kwa mapepala?

Mlangizi wopuma, Mkanda:

Mwanangu, funso lanu landikhudza chifukwa ena mwa mapepala amenewo ndinawamata ndi manja angawa pamene ndinali mlangizi wa zaumoyo kuno ku Mchinji. Musanatiweruze, kumbukirani kuti wodwala Edzi woyamba anapezeka m'dziko muno m'chaka cha 1985, koma boma linayamba kupereka ma ARV aulere m'chaka cha 2004. Pa zaka zonse za pakatipo tinalibe choti tipatse munthu, ndipo chida chokha chimene chinali m'chikwama mwathu chinali kuopseza. Chithunzicho sichinali chabodza ayi, pakuti anthu ankafadi motero, ndipo dzina loti kaliwondewonde silinachokere pakhoma la chipatala.

Vuto lake ndi lakuti chithunzicho chinasandutsa munthu aliyense kukhala dokotala woyeza ndi maso. Anthu anali kale ndi chikhulupiriro choti kuwonda ndi kutsokomola kumabwera ndi mdulo kapena kanyera, kutanthauza kuti wina waphwanya mwambo wa m'nyumba, ndiye pepala lathu linangokhala ngati lathira mchere pa ndiwo zophika kale: wowonda ndiye wachiwerewere. M'chaka cha njala cha 2002, chimene chinasautsa kwambiri Mchinji ndi Kasungu, mudzi wonse unafanana ndi munthu wa papepala uja. Ndikukumbukira mayi wina wamasiye amene ankati akafika pamjigo, anzake ankasuntha zidebe zawo mwakachetechete, ndipo akachoka ankatsuka chogwirira ndi mchenga. Nditamuperekeza kukayezetsa anapezeka kuti alibe kachilombo. Chinali chifuwa chachikulu chophatikiza ndi njala, ndipo anachira atamwa mankhwala, koma mandasi ake pamsika sanagulidwenso.

Mbali ina imene imandipweteka kwambiri ndi yakuti kachilomboka kamatha kukhala m'thupi zaka zambiri munthu akuoneka wathanzi. Choncho atsikana ankathawa mnyamata wowonda n'kugwa m'manja mwa bambo wa mimba yaikulu amene wangochokera kogulitsa fodya, akumati ameneyu ndiye alibe chifukwa ali ndi thupi. Pamenepo pepala lathu linaphunzitsa zosiyana ndi zimene tinkafuna. Ngakhale zili choncho, mapepala atsopano omwetulirawo musawakhulupirire kotheratu, chifukwa saonetsa ulendo wa panjinga wopita kukatenga mankhwala, kapena kuvuta kwa kumwa mankhwala m'mimba muli pululu mwezi wa February.

Wojambula zikwangwani, Kasungu boma:

Ine ndiyankhe ngati munthu amene amagwira bulashi ndi penti. Achemwali, pa kafukufuku wanu musangoyang'ana nkhope ya wodwala, muyang'anenso mapazi ake. Pa nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndinapatsidwa ntchito yojambula pakhoma la sukulu ina, ndipo anandipatsa pepala loti nditsanzire. Mbali imodzi kunali munthu wodzithandiza kutchire, mbali inayo kunali munthu wosamba m'manja pa mpondagiya. Wa kutchireyo anali wopanda nsapato, malaya ong'ambika, tsitsi losapesa, pamene wosamba m'manjayo anavala nsapato zakuda ndi shati yopisira. Palibe mawu amene analembedwa onena za umphawi, koma mwana aliyense wodutsa pakhomapo akanawerenga kuti matenda ndi a anthu osauka ndipo ukhondo ndi wa anthu a ndalama. Ndinawaveka onse awiri mapatapata, ndipo amene anandilemba ntchitoyo anadandaula kuti tsopano anthu sadziwa kuti woipa ndi uti.

Chinthu china ndi kukula ndi mtundu wa zinthu. Udzudzu timaujambula waukulu ngati nkhunda kuti uoneke munthu ali kumsewu, ndipo sindidabwa agogo akamaseka kuti wa kwawo sufika pamenepo. Kampira kotuwa ka minga yofiira kamene tonse tinkakajambula nthawi ya Covid kanapangidwa pa kompyuta ndi Alissa Eckert ndi Dan Higgins a ku bungwe loona za matenda la CDC ku America kumayambiriro kwa 2020, ndipo mitunduyo anachita kusankha okha, popeza kachilombo kenikeniko n'kakang'ono kwambiri moti kalibe mtundu umene diso lingaone. Kuno anthu ankati ndajambula chipatso cha nsatsi. Koma ntchito imene imandigonjetsa ndi ya shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Ndikajambula bambo wonenepa, anthu amaona bwana amene zinthu zikumuyendera, ndipo ndikajambula wowonda amati ndi matenda aja. Mpaka lero ndimangojambula mkono womangidwa lamba woyezera, zimene sizimuuza munthu chilichonse ngati sanayezedwepo.

Mphunzitsi wa ku Kamwendo:

Pa funso lanu lachiwiri, mayi, ndikulangizani kuti muphimbe mawu onse a papepala ndi kapepala kena, kenako muonetse chithunzicho kwa anthu osiyanasiyana, monga amayi a kusikelo, anyamata a kabaza ndi mafumu, n'kuwafunsa funso limodzi lokha loti akuona chiyani. Musawafunse ngati amvetsa, chifukwa mwaulemu wathu aliyense adzavomera. Mulembenso amene analipira pepalalo, kumene linasindikizidwa, chilankhulo chake, ndi malo amene lamatidwa, pakuti pepala la kulera limene lili m'chipinda cholowa amayi okhaokha lanena kale kuti nkhaniyo si ya abambo.

Ndikupemphanso kuti musathere pa mapepala a kuchipatala, chifukwa masiku ano anthu amaona matenda kwambiri pa foni ndi m'nyumba zoonetsera mafilimu. M'masewero ambiri, wodwala matenda a m'maganizo ndi munthu wa nsanza wotola zakudya kudzala, woikidwamo kuti anthu aseke, ndipo kawirikawiri nkhaniyo imathera poti anakhwima molakwitsa kapena anasuta chamba. Mwana wasukulu amene wasiya kudya ndi kulankhula chifukwa cha nkhawa safanana ndi chithunzi chimenecho, choncho makolo ake saganiza zopita naye kuchipatala. Chimodzimodzinso khunyu, limene amalionetsa ngati chinthu chothawidwa, pamene si matenda opatsirana.

Nkhani ina ndi ya chilolezo. M'chaka cha 1990 Therese Frare anajambula David Kirby wa ku America ali pafupi kumwalira ndi Edzi, bambo ake atamukumbatira, ndipo chithunzicho chinatuluka m'magazini ya Life. Kampani ya zovala ya Benetton itachigwiritsa ntchito potsatsa malonda m'chaka cha 1992 panabuka mkangano waukulu, komabe banja lake linali litavomereza. Tsono yerekezani ndi zimene timachita pa WhatsApp, pamene chithunzi cha mwana wotupa mutu kapena mayi wa chilonda cha khansa chimazungulira m'magulu ndi nambala yotumizirapo thandizo. Cholinga chimakhala chabwino ndipo ndalama zimapezekadi, koma sindinaonepo wina akufunsa ngati mwiniwake akudziwa kuti thupi lake laonedwa ndi anthu ambirimbiri, kapena ngati chithunzicho chidzafufutidwe iye akadzachira.

Nachisale wa ku Mtunthama:

Ndathokoza kwambiri nonse. Nditawerenga za mapazi ndabwerera ku zithunzi zanga, ndipo ndapeza kuti pa mapepala a kolera ndi a likodzo amene ndili nawo, odwala ambiri alidi opanda nsapato, chinthu chimene ndinachidutsa osachiona. Njira yophimba mawu ndikaiyesa kusikelo mwezi wamawa ndikapatsidwa chilolezo. Bambo a ku Mkanda, ngati mapepala ena akale munawasunga, kodi mungandilole kubwera kudzawajambula?

Mlangizi wopuma, Mkanda:

Bwerani, mwanangu, koma musayembekezere zambiri. Ochuluka ana anakutira makope a kusukulu, ndipo ena mayi a kunyumba anayala pansi pa matumba a chimanga. Atsala atatu m'sutikesi, ndipo limodzi mwa iwo ndi lija la munthu wa pamphasa, lomwe pangodya pake pakuonekabe chizindikiro cha phala la ufa limene ndinamatira.