Webusayiti ikuyenda bwino pa laputopu yanga koma kwa kasitomala batani silikuoneka, ndiyambire pati?

Akuluakulu a pagulu pano, ndigawireni nzeru.

Ndinapangira koleji ina ya pulayiveti kuno ku Blantyre webusayiti yolandirira mafomu a ofuna malo. Wophunzira amalemba dzina, amasankha kosi, amaika chithunzi cha satifiketi ya MSCE, kenako amadina batani lotumizira. Ndinagwiritsa ntchito React (yomangira tsamba ndi JavaScript), Vite (yolongedzera mafayilo a webusayiti) ndi Tailwind 4 (yokongoletsera tsamba ndi CSS). Pa laputopu yanga zonse zili bwinobwino, pa Chrome ndi pa Firefox pomwe, pa foni yanganso chimodzimodzi.

Chilengezereni linki, madandaulo sakutha. Ku ofesi ya kalembera akuti batani lotumizira kulibe. Ndinapita kukadzionera ndekha: mitundu yonse yazimiririka, batanilo lilipo ndithu ukadina pamalo pake, koma ndi mawu oyera pa tsamba loyera. Makompyuta awo ndi a Windows 7, ndipo Chrome yake ikunena kuti palibe update yotsala. Makolo ena akuti akatsegula linki pa foni amangoona tsamba loyera mbee, ena mwa iwo ndi a Opera Mini.

Eni koleji agwira ndalama yotsala, akuti mpaka webusayiti "igwire pa foni ya aliyense". Ndiye funso langa: inu mumabwerera m'mbuyo mpaka pati pothandiza ma browser akale? Nanga mumayesa bwanji popanda kukhala ndi mafoni khumi patebulo?

Wopanga mawebusayiti ku Lilongwe:
Achimwene, za ku ofesizo n'zosavuta kuzimvetsa. Chrome yomaliza kuyenda pa Windows 7 ndi 8.1 inali 109, ya mu Januwale 2023. Ikamati palibe update ikutanthauza kuti palibe ina yomwe ingalowe pa kompyuta imeneyo, osati kuti ndi yatsopano. Tailwind 4 eni ake analemba poyera kuti imafuna Chrome 111, Safari 16.4 kapena Firefox 128 kupita m'tsogolo. Mwaperewera manambala awiri okha, koma mkati mwa awiriwo ndi mmene Chrome inayamba kumva oklch, njira yomwe Tailwind 4 imalembera mitundu yake. Browser ikakumana ndi mtundu womwe sikuudziwa imangousiya, batani n'kukhala lopanda utoto. Mawu oyerawo akuoneka ngati asowa chifukwa woyera analembedwa mwachikale, #fff, ndiye wokhawo wamveka.

Njira yachidule, lembani mitundu yanu nokha mu hex m'malo modalira yobwera nayo. Koma pali zinanso zatsopano zomwe Tailwind 4 imadalira, monga color-mix, ndiye mukhala mukusoka chigamba apa china chikung'ambika uko. Ine ndikanakhala inu ndikanangobwerera pa 3.4. Eni akenso amalangiza zomwezo kwa amene ali ndi anthu a ma browser akale.

Membala wina:
Osamawanyengerera anthuwa. Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 mu Januwale 2020. Ofesi yosunga masatifiketi ndi manambala a foni a ana a eni ikuyenda pa kompyuta yosalandira zotseka mipata ya akuba, ndiye inu muzivutika kuwakonzera batani? Auzeni asinthe makompyuta.

Wopanga mawebusayiti ku Lilongwe:
Zoona bwana, awauze, ndipo awalembere kalata kuti pasadzakhale kukana mawa. Koma kalembera akagula kompyuta yatsopano, kholo la ku Nsanje foni yake ikhala yomweyo. Vuto lalikulu lili kumafoniko.

Mayi wopanga mapulogalamu a mabungwe a alimi:
Mchimwene wanga, ndikuuzeni zomwe ndaona kumidzi. Pa pepala Chrome inayamba kutuluka yatsopano milungu inayi iliyonse mu 2021, Firefox inayamba zimenezo mu 2020, ndipo olemba mabuku a ntchito yathuyi amaganiza kuti aliyense amalandira update ali mtulo. Zimenezo n'za anthu okhala ndi WiFi kunyumba. Kuno munthu akagula Tecno kapena itel, mnyamata wa pa shopu amayamba wazimitsa auto update kuti bandulo isamathe yokha, ndipo bandulo yomwe ambiri amagula ndi ya WhatsApp ndi Facebook basi. Enanso foni inadzaza zithunzi ndi nyimbo, update ilibe polowa. Ndiye mupeza foni yogulidwa 2019 ikadali ndi Chrome yomwe inabwera nayo mu katoni.

Ngakhale wofuna kupanga update ali ndi malire. Android 6 inathera pa Chrome 106, Android 7 pa 119. Kupitirira apo ndiye kugula foni ina.

Tsamba loyeralo si Tailwind, ndi JavaScript. CSS ndi yoleza mtima, mzere womwe sikuumva imaudumpha n'kupitiriza. JavaScript ikapeza kalembedwe kachilendo kamodzi kokha imakana fayilo yonse. Tengani ka ?. komwe tonse timalemba osaganizanso, kanayamba kumveka mu Chrome 80, chaka cha 2020. Foni ikakhala ndi 79, palibe chomwe chithamange. Tsono poti tsamba la React limajambulidwa ndi JavaScript yomweyo, munthu amatsala ndi chikhoza chopanda kanthu. Vite payokha imakonzera ma browser atsopano. Tsitsani target (browser yakale kwambiri yomwe Vite ikonzere) mu config, kapena ikani plugin-legacy, chowonjezera chake cha ma browser akale, ambiri mwa odandaulawo atsamba loyera akhala chete.

Mwini funso:
Zikomo kwambiri amayi. Koma ndinayesa pa DevTools, zida zoyesera tsamba za mu Chrome, ndinasankha mafoni osiyanasiyana, yaing'ono ndi yaikulu, iPhone yomwe, zonse zinaoneka bwino. Zimenezo sizikuwerengedwa?

Mayi wopanga mapulogalamu a mabungwe a alimi:
Ayi mchimwene. Pamenepo mumangosintha kukula kwa sikirini, injini yake ndi Chrome yanu yatsopano yomweyo. Kuveka galimoto yatsopano nambala ya yakale sikuyikalambitsa. Pitani mu Limbe mukagule foni yogwiritsidwa kale ntchito, yotchipa kwambiri yomwe ikuyaka, ndipo musayerekeze kuyipanga update. Yatsani USB debugging, ilumikizeni ndi chingwe ku laputopu, lembani chrome://inspect, muona console ya foniyo ikukuuzani mzere weniweni womwe yakanira. Ine yanga ndimaisunga mu drawa ngati chida cha ntchito, ana saigwira.

Ndipo poyesa musamangotsegula pa Chrome. Ikani linki pa Facebook muidine momwemo, chifukwa ambiri aipeza kumeneko, ndipo imatsegukira mkati mwa app osati mu browser yomwe munthu anaika.

Mnyamata wa ku Zomba:
Playwright bwanji akulu? Ndi pulogalamu yaulere yoyesera mawebusayiti, imayesa Chromium (injini ya Chrome), Firefox ndi WebKit (injini ya Safari) kamodzi.

Wopanga mawebusayiti ku Lilongwe:
Ndi yabwino pogwira kusiyana kwa injini zitatuzo, koma imabwera ndi zatsopano. Vuto la achimwenewa ndi ukalamba wa browser. BrowserStack ili ndi mafoni enieni akale omwe umawayendetsa uli pa kompyuta yako, kungoti amalipiritsa madola mwezi ndi mwezi, ndipo tonse tikudziwa mmene kulipira kunja ndi khadi kukuvutira masiku ano.

Pa funso lanu loti mubwerere mpaka pati, musafunse caniuse yokha, webusayiti yosonyeza ma browser omwe amamva chinthu chakuti. Peresenti yobiriwira yomwe imaonetsa pamwamba ija ndi ya dziko lonse lapansi, yosakaniza ife ndi a ku Germany. Baseline, chizindikiro chomwe mumachiona pa MDN (webusayiti ya malangizo a opanga mawebusayiti) kuyambira 2023, imati chinthu chafalikira pakapita miyezi 30 chiyambireni kuyenda mu Chrome, Edge, Firefox ndi Safari. Miyezi 30 kwa iwo ndi kalekale, kuno foni ya zaka ziwiri ndi theka mwini wake amaitcha yatsopano. Yankho lili mu access log ya seva yanu, kaundula wa onse otsegula tsamba. Aliyense wotsegula tsamba amasiya user agent (mzere wonena browser yake), ngakhale amene anangoona zoyera. Werengani manambala a Chrome omwe akubwera, muone pomwe gulu lathera, malire anu akhale pamenepo. Chenjezo limodzi: Chrome zatsopano zimalemba "Android 10; K" ngakhale foni ili ndi Android ina, ndiye nambala ya Android musaikhulupirire, ya Chrome yoyambirirayo ndiye yoona.

Membala wa ku Johannesburg:
Musaiwale ma iPhone omwe timatumiza kumudzi. Safari siipanga update payokha, imayendera limodzi ndi iOS. iPhone 6 inaima pa iOS 12, 6s ndi 7 pa iOS 15, ndiye Safari 16.4 sizidzaiona. Kumuuza munthu kuti aike Chrome sikuthandiza, chifukwa Chrome ya pa iPhone mkati mwake ndi WebKit yomweyo ya foniyo. Mlongo wanga ali ndi 7, ndikhoza kumupempha akuyesereni mukakonza.

Membala wina:
Nanga Opera Mini mupanga nayo bwanji? Kapena nayonso tiinyengerere?

Mayi wopanga mapulogalamu a mabungwe a alimi:
Bwana, amene amaika Opera Mini ndi amene akuwerengera bandulo, ndipo ndi omwewo akufunira ana awo malo. Ikakhala pa extreme, njira yake yosungira data kwambiri, tsamba silithamanga pa foni ayi. Seva za Opera ndi zomwe zimalitsegula, n'kulifinya, n'kutumiza zotsatira, ndipo JavaScript imapatsidwa kanthawi kochepa chabe. React pamenepo musaidalire, plugin iliyonse yomwe mungaike. Koma fomu wamba ya HTML, yokhala ndi action ndi method POST, imayenda pa chilichonse. Ine maganizo anga, fomu yofunsira malo sinkafunika React n'komwe. Seva itumize HTML yathunthu, JavaScript ibwere pamwamba kudzakometsa kwa amene foni yawo ikutha. Kuunika ngati munthu walemba bwino kuchitikenso ku seva. Mukapanda nthawi yolembanso zonse, pangani tsamba lachiwiri lopepuka, linki yake muiike mu HTML yoyambirira momwe, kunja kwa div ya React, kuti ioneke ngakhale zina zonse zitakana.

Mnyamata wa ku Zomba:
Kuwonjezera apo, wina akadzanena kuti foni ikuti tsamba si lotetezeka, funsani Android yake. Zakale kuposa 7.1.1 sizizindikira satifiketi za Let's Encrypt. Firefox imayenda ndi mndandanda wakewake wa satifiketi, ndiye imatsegula.

Wopanga mawebusayiti ku Lilongwe:
Za ndalama zija achimwene, mawu oti "foni ya aliyense" musawavomere, palibe angawakwanitse. Khalani nawo pansi, aonetseni zomwe log ikunena, mugwirizane polemba kuti Chrome kuyambira yakuti, iPhone kuyambira yakuti, ena onse adutsira tsamba lopepuka. Asayine. Apo ayi, Disembala adzakuimbirani ndi foni ya mabatani.

Mwini funso:
Ndayang'ana log usiku uno. Ma Chrome osafika 100 alimo ochuluka kuposa mmene ndimaganizira, Opera Mini nayonso ilimo. Ndayamba kubwerera pa Tailwind 3.4, tsamba lopepuka ndilemba ndi PHP poti hosting yawo ili nayo kale. Achimwene a ku Joni, ndikutumizirani linki ku inbox. Funso lina amayi: zithunzi za masatifiketi zimabwera zolemera, ndipo ndimazichepetsa ndi JavaScript foni isanatumize. Pa tsamba lopanda JavaScript, munthu ali pa netiweki yofooka, inu mumatani kuti upload isafere panjira?