Thandizeni maganizo: mpunga umene agogo anapatulira Mulungu wandiyambanitsa ndi amuna anga

A admin, chonde ndibisireni dzina. Abale anga ambiri ali m'gulu lomwe lino.

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala kwa Malengachanzi kuno ku Nkhotakota. Ndimapemphera Anglican, koma anandilera ndi agogo anga obereka amayi, omwe anali Msilamu wolimbikira. Amayi anamwalira ndili Sitandade 3. Bambo anga anali Mkhristu ndipo ndinabatizidwa ndili khanda, choncho agogo atanditenga anangoti mwanayu ali ndi njira yake kale. Sanandikakamize ngakhale tsiku limodzi. Lamulungu ankandidzutsa okha, kundimangira ndalama ya chopereka pa nsonga ya kansalu, n'kunena kuti, "Pita ukapemphere, usakasewere." Iwo amakhala atadzuka kalekale kusanache. Mpaka lero ndikamva azana, kuitana kwa ku mzikiti kuja, m'mamawa ndimakhala ngati ndikumva madzi a m'birika lawo kuseri kwa nyumba akutawaza, kenako akutandika msala wawo wopemphererapo wothetheka m'mbali uja.

Agogo anali ndi dimba la mpunga wa Faya kudambo. Chakum'mawa kwa dimbalo anazika chikhomo, ndipo ndime ya kuseri kwa chikhomocho ankaitcha "ya Mwini wake". Mpunga wa pamenepo tinkamweta pawokha, kupuntha pawokha, matumba ake ankasoka ndi ulusi wofiira kuti wina asasokoneze. Chaka chabwino ankakwana atatu kapena anayi. Ramadhani ikafika, thumba limodzi linkapita ku mzikiti kuti anthu omanga (osala kudya) azimasulira. Otsalawo ankagawa ndi kambale kwa amasiye ndi nkhalamba, osafunsa kuti amapemphera kuti. Ankandituma ine kukada kuti ndikasiye pakhomo ndi kubwerera osagogoda, ati wosauka naye ali ndi manyazi.

Anamwalira mu 2019. Atadwalika anaitana malume ndi amayi aang'ono, n'kunena pamaso pawo kuti dimba lisale m'manja mwanga poti ndine ndinkawoka nawo mpunga kuyambira ndili mwana. Mawu awo omaliza pa nkhaniyi anali akuti, "Ndime ija isafe."

Ndakhala ndikusunga. Ndipo si ndime yokha. Nkhumba sindidya, pakhomo panga siifika. Nkhuku amatichinjira ndi mnyamata wachisilamu woyandikana nafe kuti abale akabwera adye opanda kufunsa. Pa Idi ana anga amakadya kwa malume, pa Khrisimasi ana a malume amadya kwanga. Zonsezi ndi za agogo, ndipo sindinaonepo cholakwika.

Vuto lili apa. Agogo ali moyo, ngati mu 2016 muja, Ramadhani inkagwa mu June, mpunga uli mbwee pabwalo. Kupereka kunali kophweka. Koma mweziwu umabwerera m'mbuyo masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse, ndiye pano wafika mu February ndi March, nthawi imene kondowole yemwe amavuta kupeza. Ndiye kuti matumba a ulusi wofiira amakhala kuchipinda kwathu miyezi isanu ndi itatu, ana akuwaona, nthawi zina titadya kamodzi patsiku. Mu 2024, chaka chija madzi anasefukira m'boma lino, dambo lathu nalo linamira. Dimba lonse ndinapeza matumba asanu, awiri a pa ndime ija. Mu January wotsatira amuna anga anatenga limodzi osandiuza n'kukagulitsa kuti alipire fizi ya mwana wathu wa ku sekondale. Tinakangana mpaka ankhoswe anabwera.

Chaka chinonso matumba awiri alipo, fizi ya teremu ino sitinamalize, ndipo nkhani yayambanso. Amuna anga akuti kutchalitchi timapereka kale, sangamalime mpunga wopita ku mzikiti ana ake akubwezedwa kusukulu. Alamu anga, achemwali awo, akuwonjezera moto. Akuti chimene agogo anachita ndi pangano, ndilo likutseka madalitso pakhomo pathu, ndiye ndikazule chikhomo n'kupita kukapemphereredwa. Malume nawo akuti ngati ndalephera ndibweze dimba ku mbumba, alime mwana wawo.

Ine mtima wanga ukukana kuzula chikhomo chija. Koma ndikamuona mwana atakhala pakhonde anzake ali m'kalasi ndimalira. Kodi ndikuchimwa pamaso pa Mulungu wanga posunga mwambo wa agogo? Nanga kwa Asilamu, ndikagulitsa mpungawo ndawalakwira agogo? Thandizeni, koma chonde osanyoza chipembedzo cha wina.

MAYANKHO

Mayi wa ku Benga: Gulitsani achemwali, mwana apite kusukulu. Agogo anuwo akanakhala moyo sakanalola mdzukulutubzi wawo akhale pakhomo mpunga uli kuchipinda.

Bambo wa ku Chipoka: Salaam mayi. Ine ndine Msilamu, ndikuuzeni zimene ndinaphunzira, koma mukafunsenso kwa shehe wa mzikiti wa agogowo. Pali zinthu ziwiri zosiyana. Zakaat ya mbewu ndi lamulo kwa Msilamu: munda wodalira mvula amapereka gawo limodzi mwa magawo 10, wothirira movutikira gawo limodzi mwa magawo 20, ndipo imayamba zokolola zikafika pafupifupi makilogalamu 650, tinene matumba 13 a makilogalamu 50. Nthawi yake ndi pokolola pomwepo, siidikira Ramadhani. Ndiye pali sadaka, imene munthu amapereka mwa kufuna kwake. Mmene mwafotokozeramu, zimene ankachita agogo zikuoneka ngati sadaka, ndipo ankasankha Ramadhani chifukwa malipiro a ntchito yabwino amachuluka m'mwezi umenewu. Inu simuli Msilamu, lamulo la zakaat silikukhudzani. Chimene chikukumangani ndi lonjezo kwa kholo basi, ndipo limenelo ndi lolemera ndithu. Koma dziwani kuti m'Chisilamu kudyetsa a pakhomo pako kumabwera patsogolo pa sadaka yongodzipereka. Chaka cha njala palibe shehe wanzeru amene angakuuzeni kuti ana agone ndi njala thumba lili pakona.

Mwini funso: Zikomo bambo. Izi zoti siidikira Ramadhani sindinkadziwa. Ndiye nditha kugawa mu June pomwe ndakolola?

Bambo wa ku Chipoka: Kwa amasiye ndi okalamba mutha kugawa tsiku lililonse. La ku mzikiti lokha ndi limene analipangira kumasulira. Kambiranani ndi akuluakulu a pamzikitipo, mwina angalandire mu June n'kusunga okha.

Mlongo wa ku Kamuzu Road: Ine ndigwirizana ndi alamu anuwo. Kuwala ndi mdima sizikhalira limodzi. Zinthu zosiyiridwa ndi akufa muzisamala nazo, mungadzazindikire mochedwa.

Mayi wa Mothers' Union, ku Linga: Mlongo, mdima wake uti pamenepa? Mpunga ukupita m'mimba mwa amasiye amoyo, sukupita kumanda, sakuthira nsembe pamtengo. Mwana wanga iwe wafunsa funsoli, katsegule Levitiko 19 ndime 9 ndi 10. Mulungu analamula ana a Israeli kuti pokolola asamalize m'mphepete mwa munda, asiyire osauka ndi alendo. Rute uja, mkazi wamasiye wa ku Moabu, anapulumuka ndi khunkha la m'munda mwa Boazi. Agogo ako anachita zomwezo, anangozika chikhomo. Ndipo tisamaiwale kumene tili. Chisilamu chinafika kuno ndi Jumbe, Salim bin Abdallah, cha m'ma 1840. Amishoni a Anglican a UMCA anakhazikika kuno mu 1894, ndipo Bishopu Chauncy Maples, amene anamira panyanja mu 1895, manda ake ali m'tchalitchi cha All Saints pompano. Kuchokera nthawi imeneyo takwatirana, taikana m'manda, tadyera mbale imodzi. Kuno n'kovuta kupeza banja lopanda Msilamu ndi Mkhristu. Ine azakhali anga anali Asilamu, ndipo pa maliro a amuna anga ndi iwo anagona nane pamphasa masiku onse. Mayi amene ankakudzutsa Lamulungu kuti ukapemphere kwa Yesu sangakutsekere madalitso. Zimenezo ndakana.

Mlongo wa ku Kamuzu Road: Nanga thumba lopita ku mzikitilo? Limenelo si la amasiye.

Mayi wa Mothers' Union, ku Linga: Amadya ndi anthu amene akhala tsiku lonse osalawa ngakhale madzi, ambiri mwa iwo osauka ngati ife tomwe. Kudyetsa wanjala sikunakhalepo tchimo.

Bambo wa ku Dwangwa: Nonse mukukamba za agogo ndi Mulungu, koma palibe wafunsa za bamboyo. Mayi, amuna anu amalima nawo dimbalo? Ndikufunsa chifukwa ine ndili pachikamwini, ndikudziwa mmene zimawawira. Munda ndi wa kuchikazi, malume ndi mwini mbumba, iwe ntchito yako ndi kugaula matope mpaka m'mawondo, kukhalira kuingitsa mbalame dzuwa lonse, koma pogawa zokolola ulibe mawu. Kutenga thumba mobisa analakwa, izo sindikana. Koma mwina chimene chikuwapweteka si mzikiti ayi, ndi chakuti thukuta lawo likugawidwa ndi lamulo la munthu amene anamwalira, iwo osafunsidwa. Kodi amadziwa n'komwe makomo amene mpungawo umapita?

Mwini funso: Amalima nawo, ndipo pogaula amagwira kuposa ine. Makomo sadziwa. Agogo anandiphunzitsa kuti zimenezi sitiuza munthu, ndiye ndimapita ndekha usiku monga kale. Mwandifunsa funso limene sindinadzifunsepo, bambo.

Bambo wa ku Dwangwa: Mwamuna wanu si munthu wapadera. Chinsinsi chinali chobisira mudzi, osati mnzanu wolima naye.

Mphunzitsi wa ku Khombedza: Pa nkhani ya dimba, musachite mantha ndi mawu a malume koma musawaderere. Muli ndi mboni, amayi aang'ono, ndipo malumewo anamva okha. Pitani nawo onse kwa anyakwawa kuti zimene agogo ananena zidziwike iwo akadali moyo, chifukwa nkhani za malo zimavuta akuluakulu akatha. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola kulembetsa malo otere, koma musayambe ndi mapepala abale asanagwirizane, mungayatse moto wina. Komanso taonani mawu a agogo: anati ndime isafe. Sanatchule chiwerengero cha matumba. Chaka choipa ndowa ziwiri, chaka chabwino matumba atatu, ndimeyo ili moyobe.

Mtsikana wa ku Senga Bay: Kwathu zinali chimodzimodzi koma mbali ina. Agogo aamuna anali mkulu wa mpingo wa CCAP, sankalola bwato lawo kulowa m'madzi Lamulungu. Anamwalira kalekale koma mpaka lero azichimwene anga, ngakhale amene sapita kutchalitchi, Lamulungu sapita kokapha usipa. Akuti amangomva kuti sizili bwino. Zinthu za makolozi zimalowa m'magazi. Limbani mtima asisi.

Mayi wa ku Lifuwu: Langizo langa ndi la kasungidwe chabe. Musamasunge matumbawo kuchipinda, ndi chiyeso kwa aliyense, ngakhale kwa inu nomwe. Komanso musamapite nawo kuchigayo msanga, mpunga wa makoko ndi umene umakhalitsa. Kungoti thumba la makoko likachoka kuchigayo limatsika kwambiri, ndiye powerengera fizi muziwerengera zimenezo.

Mwini funso: Abale, ndabweranso. Zikomo nonse, ngakhale mlongo amene mwagwirizana ndi alamu anga, ndamva nkhawa yanu koma chikhomo sindizula. Dzulo ana atagona ndinakhala pansi ndi amuna anga. Ndinawapepesa kuti zaka zonsezi sindinawafunsepo, kenako ndinawatchulira makomo onse asanu ndi limodzi. Anakhala chete nthawi yaitali, chifukwa khomo lachitatu ndi la gogo wina wosaona amene iwonso amamudulira nkhuni nthawi zina. Sanavomere zonse. Tagwirizana kuti thumba limodzi tigulitse mawa, mwana abwerere kusukulu Lolemba, ndipo kuyambira chaka chino za amasiye tizigawa limodzi mu June. Pa gawo la ku mzikiti akuti iwo sadzanyamula koma sadzandiletsa.

Otsala ndi malume. Ndawaimbira m'mawa uno, atangomva zoti thumba limodzi ligulitsidwa anadula foni. Iwo ndi mwana woyamba wa agogo, ndi amene anawayika m'manda, ndikumvetsa kuti zikuwawawa. Loweruka ndikufuna ndipite kwawo. Bambo a ku Chipoka ndi ena odziwa, ndipite ndi amayi aang'ono okha, kapena ndiyambe ndadzera kwa shehe kuti tipitire limodzi? Ndikuopa kuti ndikafika ndi shehe angaone ngati ndakawasumira.